Tsiku Limene Ndidavundikira Mlonda wa Kompyuta

Padangotero, ndipo woteroyo ndidali ine ndemwe. Vomerani kuti tili tonse, muvomere mokweza ndithu, chifukwa tsiku limene ndidapusalo ndidali ndekhandekha.

Ine ndine Gologolo. Masiku amenewo dzina langa linkatchuka pa nkhani ya ukathyali. Ndidamugulitsapo Nyani mtedza wa m'munda mwake momwe, iye n'kundithokoza kuti ndamutsitsira mtengo. Poyenda ndinkaimika mchira kuti ndi akhungu omwe adziwe kuti kukudutsa wanzeru.

Ndidakwatira Nangozo, mkazi wa mtundu wa anungu. Za minga musandifunse, chikondi chili ndi njira zake. Ndidakhala pachikamwini zaka zisanu ndi zinayi, kulima minda ya eni, kufolera nkhokwe za eni, kutsokomola komwe mopempha chilolezo. Ndikaona apongozi anga aakazi akubwera m'njira, ndinkapatukira kutchire monga mwa mwambo, ndipo chilankhulireni nawo maso ndi maso ndidali ndisadatero. Chimene mtima wanga unkalira chidali chimodzi chokha: chitengwa. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga ndi mwana wathu Lonjezo, tikakhale kwathu kumene ndingatambasule miyendo.

Woloza chitengwacho adali mwini mbumba, a Nungu aakulu, malume ake a mkazi wanga. Iwowa adagwirapo ukalaliki kubwalo la milandu la nyama, ndipo atapuma adagula kompyuta. M'menemo ankasungamo zithunzi za maukwati, makalata, ndi nyimbo za kwaya yawo. Kompyutayo inkafikanso pa intaneti, msika waukulu uja wopanda mpanda, kumene wogulitsa ndi wakuba amavala malaya ofanana. Choncho pakhomo pake adaikapo mlonda, Sajeni Nkhanga, mayi wopuma usilikali. Ntchito yake idali kupenda chilichonse chofuna kulowa, ndi kukuwa akanunkhiza kachilombo.

A Nungu atadwala matenda awo otsiriza, adandiitana.

"Mkamwini, khalani apo. Ndamva kuti mukufuna chitengwa."

"Ndi momwemo, gogo."

"Yankho langa ndalijambula, lili m'kompyutamu. Ndalitseka ndi pasiwedi, mawu achinsinsi aja, ndipo woidziwa ndi mlongo wanga, apongozi anuwo. Adzalitsegula tsiku lovundukula chiliza changa, abale onse akumva."

"Bwanji osangondiuza lero, gogo?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kompyutayi ndikusiyirani inu, poti ndinu ochenjera pamudzi pano. Koma mverani. Mlendo amene simudamuitane musamutsegulire. Kalata yokufulumizitsani muyambe mwaifunsira kwina. Ndipo Sajeni akakuwa, mumvereni, ngakhale akusokoseni."

Ndidavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkaseka. Kulangiza Gologolo za akathyali? Ndidaona ngati akuphunzitsa nsomba kusambira. Patatha sabata a Nungu adatisiya, ndipo kompyuta idasamukira m'nyumba mwanga.

Sajeni Nkhanga adali ndi khalidwe limodzi londitopetsa. M'mawa uliwonse ankati, "A Gologolo, ndiloleni ndikamve mayina a akuba atsopano. Amabadwa tsiku ndi tsiku."

"Mawa, Sajeni," ndinkayankha. Bandulo yanga ya intaneti ndinkaisungira kuonera mpira.

Tsono padali Nankafumbwe, kachilombo kaja koboola chimanga. Iyeyu adatopa ndi nkhokwe chifukwa alimi adayamba kuthira mankhwala, ndiye adasamukira pa intaneti, kumene nkhokwe zake ndi makompyuta a anthu. Adali wamng'ono, waulemu, ndipo sankathyola chitseko. Ankadikira kuti mwini nyumba atsegule yekha.

Tsiku lina ndikuonera mpira, pagalasi la kompyuta padatumphuka kabokosi kophethira mofiira ndi mobiriwira.

"Odi kuno, bwana!"

Pakamwa padayankha pokha kuti, "Odini." Mukudziwa mmene tidaleredwera, odi sabwezedwa.

"Mwayi wakugwerani, bwana! Mwawina matumba makumi asanu a mtedza wa chalimbana. Dinani batani ili msanga, nthawi ikutha!"

Pomwepo Sajeni Nkhanga adayambitsa nyimbo yake. Idali yaifupi, ya mizere iwiri, yoimbidwa ndi mawu ake okhadzula aja. Mzere woyamba unkafunsa amene waitana mlendoyo, wachiwiri unkafunsa chimene wabisa m'khwapa. Lonjezo ndi anzake akaimva ankavomera ndi kuwomba m'manja kawiri, ndipo nkhuku zinkathawa pabwalo.

Mate adadzadza m'kamwa, sindinama. Koma nzeru zanga tsikulo zidali pafupi.

"Akulu inu," ndidatero, "mpikisano umenewu ndidalowa liti?"

"Mayina timangosankha, bwana."

"Dzina langa ndani?"

Kabokosiko kadaphethira. "Ndinu... wamwayi wathu wa lero."

"Pitani mukamupatse Nyani. Bodza limenelo ndidalipanga ndine ndili mnyamata."

Ndidatseka tsamba lonselo osakhudza batani lake. Madzulo ake mudzi wonse udadziwa kuti Gologolo wagonjetsa Nankafumbwe, chifukwa ndidafotokozera aliyense, ena kawiri.

Patapita mwezi kudabwera imelo. Pamwamba pake padalembedwa dzina la mudzi wa kwathu. Inkati azakhali anga, amene adandilera, atisiya, ndipo kuti ndidziwe tsiku la maliro nditsegule chikalata chomwe adamatako. Idamaliza ndi mawu akuti ndifulumire.

Uthenga wa maliro suugoneka, umautsegula ndi kunyamuka. Ndidayamba kulira ndisadadine n'komwe, ndipo Sajeni adayambitsa nyimbo yake ija ya mafunso awiri, ulendo uno mokweza kwambiri.

"Chete, Sajeni! Kulibe ulemu kwanu? Ndaferedwa ine!"

Nangozo adalowa akuthamanga, lichero lili m'manja.

"Bambo a Lonjezo, chachitika n'chiyani?"

"Azakhali atisiya. Leka nditsegule ndione tsiku."

"Chotsani dzanja pamenepo. Kwanu adayamba liti kulengeza maliro pa imelo? Akakhala ndi uthenga samaimba foni? Tawaimbirani kaye."

Ndidaimba misozi ili chuchuchu. Foni idalira katatu, ndipo amene adayankha adali malemuwo.

"Ndani? Gologolo? Lero wakumbuka kuti uli ndi azakhali? Ndili kudimba ine, nena msanga!"

Ndidafufuta imeloyo osatsegula chikalata chake. Kumene timasewera bawo ndidakafotokoza kuti ndidaizindikira ndekha nditangoiona. Za Nangozo ndi lichero lake sindidatchule, ndipo za kulira kuja ndidati chidali chimfine.

Apa ndiye mchira udafika kumwamba. Kawiri konse Nankafumbwe wabwera, kawiri konse wabwerera. Koma padali chinthu china chondidya mkati, choposa nankafumbwe aliyense. Fayilo ya mawu a malemu a Nungu idali pomwepo pagalasi, pakona ya kumanja, ndi kaloko kake. Tsiku lililonse ndinkaiyang'ana, iyo n'kumandiyang'ananso. Adati nditenge mkazi wanga, kapena adakana? Kwathu ndiyambe kuumba njerwa, kapena ndidikire? Pasiwedi idali ndi apongozi, ndipo mkamwini angayambe bwanji kufunsa apongozi zotero, munthu woti ngakhale moni amadzera mwa mkazi? Ndidamutuma Nangozo, iye adangoti, "Kwatsala masabata atatu okha kuti tivundukule chiliza. Mwapirira zaka zisanu ndi zinayi."

Masabata atatu adandikulira kuposa zaka zonsezo. Lachiwiri lina onse atapita kukakolola, ine ndidatsala ponamizira mutu. Ndidakhala pakompyuta n'kulemba kuti ndikufuna pulogalamu yaulere yotsegula fayilo yotsekedwa. Ndidadutsa masamba odziwika, amene ankangondiuza kuti ndikafunse mwini pasiwedi. Ndidalowa mkati mwa msika, kumene masamba ake amakutsegulira mazenera asanu iwe utapempha limodzi. Kumeneko ndidapeza kakhomo kolembedwa kuti maloko onse amatsegulidwa mwaulere.

Ulendo uno amene adati odi ndidali ine.

"Odini, odini!" adayankha mwini khomo. "Aa, si a Gologolo awa? Amene adandichititsa manyazi kawiri konse?"

Adali Nankafumbwe yemwe uja. Sadabise nkhope, ndipo chimenecho n'chimene chidandipha.

"Ndakuzindikira," ndidatero.

"Mungalephere bwanji, bwana? Inu ndi ine ndife a ntchito imodzi, kungoti inu ndinu mphunzitsi. Ndidasiya zakuba ine. Panopa ndimangothandiza anthu ndi maloko. Vuto lanu n'lotani?"

Ndidamufotokozera zonse, za chitengwa, za chiliza, za apongozi. Taonani wochenjera akuuza mbala pamene pali chuma.

"Zochepa zimenezo," adatero. "Ndine wamng'ono, ndimalowa pabowo la loko n'kutsegulira mkati. Dinani apa nditsikire kwanuko."

Ndidadina. Sajeni Nkhanga adatchinga khomo ndi mapiko onse awiri, n'kuyambitsa nyimbo ija. Koma lero adaisintha. Mzere woyamba sudafunsenso amene waitana mlendo, udatchula dzina langa. Wachiwiri udangotsala momwemo, kufunsa za m'khwapa. Ana adali kumunda, ndiye padalibe wowomba m'manja, ndipo nyimboyo idamveka ngati ya pamaliro.

"Mwaona, bwana?" adatero Nankafumbwe. "Amayi awa ali ndi nsanje. Aliyense wodziwa ntchito amamutcha mbala. Athimitseni kaye pang'ono, mphindi zisanu zokha."

Musaganize kuti ndidamukhulupirira. Ayi, uchitsiru wanga udali wapamwamba kuposa pamenepo. Ndidapangana ndi mtima wanga motere: ndimulowetsa, anditsegulire loko, ndimve mawu a malemu, kenaka ndimumasulira Sajeni amujompe. Ntchito andigwirira ulere, malipiro ake akhala mlomo wa nkhanga. Ndidadziseka ndekha ndi chimwemwe poona kuchenjera kwanga.

"Sajeni, pumulani pang'ono."

"A Gologolo, malemu adati chiyani?"

"Malemu adasiya kompyutayi m'manja mwa ndani? Mwa inu kapena mwa ine?"

"Mwa inu. Koma ameneyo sali yekha."

"Ndikumuona ndi maso angawa, ali yekha."

Ndidatenga dengu n'kumuvundikira Sajeni, pamwamba n'kusanjikapo mwala. Nyimbo idapitirira pansi pa dengupo, koma motsika, moti sinkandisokonezanso.

Nankafumbwe adalowa, n'kupukuta mapazi pakhomo mwaulemu. Kenaka adakweza mkono. M'khwapa muja mudatuluka mkazi wake, ana ake, azilamu ake, adzukulu, ndi ena ongoperekeza. Adabalalika m'kompyuta monse ndisadaphethire kawiri.

"Iwe! Tidapangana loko mmodzi!"

"Ndikutsegula, bwana, ndikutsegula. Anawa akungoona malo."

Kompyuta idayamba kulemera. Ukadina pano, iyo inkayankha mawa. Mazenera ankatseguka okha, ena otsatsa mankhwala a dazi, ena a zinthu zosayenera kuoneka m'nyumba ya mkamwini. Ndidathamangira dengu lija n'kulivundukula.

"Sajeni, jompani! Jompani onse!"

Sajeni adatuluka, n'kuyang'ana uku ndi uku. Adajompa awiri atatu, kenaka adaima.

"Enawa sindikuwadziwa. Ndi obadwa chaka chino. Miyezi khumi ndi umodzi ndakhala ndikupempha kukamva mayina atsopano, inu mumvekere mawa. Mawa lake ndi limeneli."

Pofika masana kudali zii. Mafayilo onse adalipo, mayina awo ali bwinobwino, monga mmene chimanga chofumbwa chimaonekera chathunthu ukachiona patali. Ndidatsegula zithunzi za ukwati wanga, mudali fumbi. Nyimbo za kwaya, fumbi. Fayilo ya pakona ija kaloko kake kadali kotsegula ndithu, pamenepo Nankafumbwe sadaname. Ndidaidina. Mudamveka kaphokoso ka kutafuna, basi.

Ndidachita zimene wochenjera aliyense amachita. Ndidathimitsa kompyuta, n'kuifunditsa nsalu, n'kukagona kuti mutu uja uoneke weniweni. Ndidati ndiganiza bodza labwino pofika tsiku la chiliza.

Sindidadziwe kuti Nankafumbwe adapezamo mndandanda wa abale onse a malemu. Imelo ija ya maliro adaitumiza kwa aliyense, m'dzina langa, atangosintha womwalira. M'mawa mwake tidamva kulira kuchokera kumsewu. Anungu a kutsidya adalowa m'mudzi ali ndi nkhuni ndi ufa pamutu, akulira apongozi anga ndi mayina awo onse. Apongoziwo adali pakhonde, akusenda nyemba.

Woyamba kuwaona adataya mtolo n'kuthawa. Wachiwiri adakomoka. Apongozi adaimirira, minga yonse ili njo.

"Wafa ndani?"

"Inuyo, mayi. Atero a Gologolo pa imelo."

Ine ndidali kuseri kwa nkhokwe, ndikuyesa kukhala wamng'ono kuposa mmene ndidabadwira. Apongozi sadayang'ane komwe ndidali. Adatembenukira kwa mwana wawo.

"Nangozo, uwafunse bambo a kwanuwo ngati adakonzanso bokosi, ndione ngati likundikwana."

Bodza lililonse lidandithawa. Ndidagwada kuseri komweko n'kuulula zonse mokweza, za dengu, za mwala, za loko. Nangozo sadakalipe. Adangoti, "Masabata atatu okha, bambo a Lonjezo," ndipo mawu amenewo adandibaya kuposa minga yake yonse. Ndidamva chisoni chenicheni. Mawu otsiriza a munthu amene adandikhulupirira ndidawadyetsa tizilombo, ndipo yankho langa lidapita nawo.

Kompyuta adaitengera kwa Gogomole, mmisiri wa makompyuta, amene adaigogoda masiku awiri n'kuikolopa yonse. Idabwerako yoyera, yopanda kachilombo komanso yopanda chilichonse.

Tsiku la chiliza lidafika. Anthu atadya, mkulu wina adati, "Tsono mawu a malemu aja tiwamvera kuti?" Onse adayang'ana ine. Ine ndidayang'ana nyerere.

Apongozi adadzuka n'kulowa m'khitchini. Adatuluka ndi mtolo wa chimanga cha mbewu, chija amachimangirira kudenga kuti utsi uzichiteteza kwa anankafumbwe. Adamasula makoko akuda ndi mwaye, ndipo pakati pake padali fulashi, kachipangizo kosungira mafayilo kochepa ngati chala.

"Mbewu sasunga m'nkhokwe," adatero, akuyang'ana kumbali. "Achimwene adakopera zonse muno, zithunzi ndi nyimbo zomwe."

Mtima wanga udalumpha. Mchira, umene udagona masabata atatu, udayamba kudzuka wokha. Ndidamunong'oneza Nangozo kuti ayambe kumanga katundu.

Adailowetsa mu wailesi. Kudamveka kutsokomola kumene tonse tinkakudziwa, ndipo amayi ena adayamba kusisima.

"Abale anga, ndine Nungu. Mawu ndajambula awiri. Oyamba ndawasiya m'kompyuta, ndipo amenewo sindidawakopere kwina kulikonse. M'menemo ndanena kuti mkamwini wathu Gologolo watumikira mokwanira, atenge mkazi wake apite kwawo ndi madalitso anga. Achiwiri ndi ano. Ngati mukumva ano, ndiye kuti oyamba aja kulibe, ndipo ndikudziwa amene adatsegula chitseko."

Anthu adayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

"Mkamwini, ndikudziwa muli pomwepo, mwazolika. Sindikudana nanu. Ndinu ochenjera, koma kuchenjera kwanu kulibe chitseko. Amene walephera kusunga kompyuta chaka chimodzi, ndingamupatse bwanji mbumba yanga apite nayo kutali? Mukhale pompano zaka zina zisanu ndi zinayi. Nkhokwe ya mlongo wanga ikudontha mbali ya kumadzulo."

Mawu adathera pomwepo. Kenaka Sajeni Nkhanga, amene adali kumbuyo, adayambitsa nyimbo yake ija, ndipo ulendo uno adavomera ndi mudzi wonse, akulu ndi ana, manja kawiri. Nangozo naye adawomba, ndidamuona.

Ndimaganizabe za fayilo ija ya pakona. Yankho lidali inde. Lidakhala m'nyumba mwanga pafupifupi chaka chathunthu likundiyang'ana, ndipo chimene linkafuna kwa ine n'kungolisiya.

N'chifukwa chake mpaka lero mukaona gologolo wapeza mtedza, sathamangira kudya. Amaima, n'kuutembenuza, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina amuitana. Akatero amakwirira wina apa, wina apo, osaika yonse malo amodzi. Anthu amati ndi nzeru zobadwa nazo, koma ine ndikudziwa kumene tidaziphunzira. Sajeni masiku ano amapita kukamva mayina a akuba m'mawa uliwonse ine ndisadasukusule, ndipo akakuwa ndimachotsa dzanja.

Chaka chino n'chachinayi, kwatsala zisanu. Kaphuleni mbatata yanu pamotopo. Mukaipeza yapserera musavutike kufunsa amene amayang'anira moto, ndipo mundikhululukire, ndikupita kukafolera nkhokwe ya apongozi.